Ulendo wa Madzi Kuchokera M'phiri Kufika M'thanki ya Pamzikiti



Mvula yoyamba itagwa mwezi wathawu, madzi a m'thanki ya pamzikiti anasanduka ngati tiyi wamkaka. Kwa masiku atatu anthu ankabwera ku swala ya Fajr atanyamula mabirika a madzi ochokera kunyumba kwawo. Tsiku lachinayi madzi anayera okha, ndipo ambiri anaiwala. Koma sabata yomweyo ndinalandira mafunso awiri amene sanandichoke m'mutu. Loyamba anafunsa ndi mtsikana wa Fomu 2: "Aphunzitsi, madzi aja ayera okha popanda wowathira kanthu. Nanga klorini amene komiti ikufuna kugula ndi wa chiyani?" Lachiwiri anandifunsa bambo wina wachikulire titatuluka mu Jumu'ah. Iwo anati: "Aphunzitsi, madzi onunkha mankhwala aja, kodi munthu n'kupangira wudhu?" A mkonzi atandipempha kuti ndilembeko za sayansi m'kalata ya temu ino, ndinati ndiyankhe mafunso awiriwa pamaso pa onse, chifukwa komiti ikakhala pansi kukambirana za ndalama za thankiyi, ndi bwino kuti tonse tidziwe chimene tikugula.

Tiyambire kumene madziwo amachokera. Ife a ku Mulanje timanyadira madzi athu, ndipo sitinama. Phiri lathu, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, limakola mitambo yochokera kunyanja ya mchere ya India, n'chifukwa chake kuno kumagwa mvula yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino. Miyala yake ndi ya mitundu ya syenite ndi granite, yolimba, yosasungunuka msanga. Choncho madzi a Likhubula, Lichenya, Ruo, Thuchila ndi Muloza amatsika ali opepuka, opanda michere yambiri. Amene munachapako zovala ndi madzi a m'mijigo ina ya ku Chikwawa kapena ku Nsanje mukudziwa kusiyana kwake. Kuno sopo amachita thovu msanga, uko amangotha m'manja.

Boma linaona mwayi umenewu kalekale. Ntchito ya mipope ya m'midzi yoyenda yokha popanda injini inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, posakhalitsa inafika kuno ku Chambe, kenako inafalikira mbali zina za phiri m'zaka za m'ma 1970. Anthu a m'midzi ndiwo ankakumba ngalande zokwiriramo mapaipi, ndipo ndikhulupirira kuti agogo ena amene awerengeredwe kalatayi anagwirako khasu pa ntchitoyo. Chimene chimayendetsa madziwo ndi kulemera kwawo komwe. Pa mamita 10 alionse amene paipi yatsika, mphamvu yokankha ya madzi imawonjezeka ndi pafupifupi bar imodzi, ndiye chifukwa chake m'njira mumakhala timathanki toti madzi apumiremo. Popanda timathanki timeneti mapaipi a pulasitiki akanamaphulika kumunsi.

Mainjiniya a nthawi imeneyo sanamange malo akuluakulu oyeretsera madzi. Ankatapa madzi kumtunda, m'nkhalango yotetezedwa, kumene kunalibe midzi, minda kapena zimbudzi. Polowera madzi ankaikapo sefa yotsekereza masamba ndi timitengo, kutsogolo kwake thanki yoti mchenga udikhiremo, basi. Ntchito yaikulu yoyeretsa inkagwiridwa ndi nkhalango. Lero nkhalango ija tonse tikuiona mmene ilili chifukwa cha makala, moto wolusa ndi macheka. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phiri n'kusiya zipsera zimene zikuonekabe, ndipo anakokolola mapaipi ndi malo otapira madzi m'madera ambiri. Dothi losavala limatsika ndi mvula iliyonse. Madzi a m'thanki yathu amachokera pa paipi ya mtundu womwewu, ndipo panjira yonse palibe amene amawathira mankhwala.

Yerekezani ndi zimene anachita a Blantyre Water Board. Kwa zaka zambiri bungweli lakhala likupopa madzi a mu Shire pa Walker's Ferry ndi kuwakankha ndi magetsi kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Pofuna madzi otsika okha, linabwera kudzatapa mu Likhubula ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku banki ya Exim ya ku India. Koma madziwo sapita molunjika ku mipope. Amayamba aima pa Nguludi m'boma la Chiradzulu, pamene anamangapo malo oyeretsera malita 20 miliyoni patsiku. Madzi omwe aja timasambira pa Dziwe la Nkhalamba n'kumaona miyala ya pansi, munthu wa ku Blantyre sawamwa asanakonzedwe. Ife amene tili pansi pa phiri penipeni timawamwa mmene abwerera.

Matope amene safuna kudikha

Tsiku lachiwiri la madzi ofiira aja ndinatuma ana a Fomu 2 kukatunga mabotolo atatu pathanki. Loyamba tinangoliika pawindo la labu. M'lachiwiri tinathiramo kaufa pang'ono ka alum, m'lachitatu ufa wa njere za cham'mwamba zosenda ndi kusinja. M'botolo loyamba mchenga unagwa pansi nthawi yomweyo, koma m'mawa mwake madzi anali adakali ndi chifunga. M'lachiwiri, theka la ola lisanathe, tinaona timibulu tofiirira tikuyandama kenako n'kutsikira pansi, pamwamba n'kuyera mbee. Lachitatu linachita chimodzimodzi koma mochedwerapo.

Chifukwa chake chagona pa kukula kwa tinthu timene tili m'madzimo. Mabuku a uinjiniya wa madzi amapereka nthawi imene kanthu kamatenga kuti katsike mita imodzi m'madzi odekha. Kamchenga ka milimita imodzi kamatsika m'masekondi pafupifupi 10. Mchenga wosalala, wochepa kakhumi pamenepo, umatenga mphindi ziwiri. Kadothi ka milimita 0.01 kamatenga maola awiri. Kanthu ka msinkhu wa bakiteriya, milimita 0.001, kamatenga masiku 8. Tinthu ta dongo tochepa kakhuminso pamenepo tingathe zaka ziwiri tisanafike pansi. Ophunzira a Fomu 3 ndi 4 zindikirani lamulo lili apa. Kwa tinthu ting'onoting'ono, kanthu kakachepa kakhumi, liwiro lake lotsika limachepa ka 100. Analongosola zimenezi ndi George Stokes mu 1851, ndipo mpaka lero amene amajambula mathanki odikhitsira madzi amayambira pa masamu ake.

Ndiye funso n'lakuti, bwanji tinthu ta dongoti sitigwirana tokha kuti tikule ndi kulemera? Yankho lili pa magetsi. Kadongo kalikonse kali ndi chaji ya negetivi pakhungu pake. Tiwiri tikayandikana timakankhana, monga mmene maginito awiri amakanirana mukawayang'anitsa mbali zofanana. Alum, amene dzina lake lonse ndi aluminium sulphate, akasungunuka amatulutsa aluminiyamu wa chaji ya pozitivi yamphamvu, amene amazimitsa chaji ya dongo lija. Kukankhana kukatha, tinthu timayamba kumamatirana. Komanso aluminiyamuyo amagwirizana ndi madzi n'kupanga kanthu koterera ngati thonje lonyowa, kamene potsika kamakokolola dongo, mabakiteriya ambiri ndi zina zoyandama. Amayi amene munafinyirapo ndimu mumkaka n'kuona ukugwirana kukhala chambiko, mwaiona kale ntchito yofanana nayo. A sayansi gawo limeneli amalitcha coagulation, ndipo kukula kwa timibulu kotsatirapo amakutcha flocculation.

Katakasidwe kake kali ndi luso. Mankhwala akangolowa, madzi amatakasidwa mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena kuchepera, kuti alum afike paliponse. Kenako amatakasidwa pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, kuti timibulu tikumane n'kukula. Mukapitiriza kuvundula mwamphamvu timasweka, ntchito n'kubwerera pambuyo. Mwana wina wa m'kalasi mwanga anaona zimenezi yekha atagwedeza botolo lachiwiri pofuna kuonetsa anzake. Pambuyo pake madzi amalowa m'thanki yaikulu mmene amayenda mwakachetechete kwa maola angapo, matope n'kutsalira pansi.

Alum ali ndi zovuta zake, makamaka pa madzi ngati athuwa. Pogwira ntchito amatulutsa asidi. Madzi a michere yambiri amaumeza asidiyo osasintha kwenikweni, koma madzi opepuka a m'phiri alibe chomezera, choncho pH imatsika msanga. Ikatsika kwambiri, timibulu sitipangika bwino ndipo madzi amayamba kudya mapaipi achitsulo. N'chifukwa chake m'malo oyeretsera madzi amasunganso laimu kapena soda wobwezera pH pakati pa 6 ndi 7.5, pamene alum amagwira bwino. Ndipo kuchulutsa alum sikuyeretsa kwambiri. Mukapyola muyezo, dongo lija limatenga chaji ya pozitivi n'kuyambanso kukankhana. Amene amagwira ntchitoyi salota muyezo. Amaika madzi a tsikulo m'mabotolo asanu ndi limodzi, lililonse ndi muyezo wake, n'kuona limene layera bwino ndi mankhwala ochepa. Mvula ikagwa kumtunda amabwerezanso, chifukwa madzi a lero si a dzulo. Ndikunena izi kuti wina asathamangire kukagula alum n'kukakhuthulira m'thanki ya pamzikiti ndi dzanja.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiseketsa ndikamaphunzitsa mutu umenewu. Alum amapangidwa kuchokera ku mwala wa bauxite wosakaniza ndi asidi wa sulphuric. Bauxite ameneyu ali pamwamba pa phiri lathu lomweli, ku Lichenya, kumene katswiri wa miyala Frank Dixey anamupeza mu 1924. Sanakumbidwe mpaka lero, ndipo poganizira zimene mgodi ungachite ku magwero a mitsinje yathu, ine sindidandaula.

Botolo lachitatu lija lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya kwa anansi athu ku Thyolo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a University of Leicester ya ku England mogwirizana ndi a ku Polytechnic ya ku Blantyre, imene tsopano ndi MUBAS, anayesa ufa wa njere za cham'mwamba m'malo mwa alum pa malo oyeretsera madzi a pa Thyolo. Anayesa m'nyengo ya mvula, madzi a mumtsinje ali matope okhaokha, ndipo anatuluka oyera mofanana ndi mmene alum amachitira. M'njerezo muli mapuloteni a chaji ya pozitivi amene amagwira dongo monga amachitira aluminiyamu, koma osatsitsa pH. Ntchito ya ku Thyolo imeneyi imatchulidwa m'mabuku a za madzi m'maiko ambiri, pamene ife mtengowo timangoudziwa ngati ndiwo. Chenjezo lake ndi ili: cham'mwamba chimachotsa matope koma sichipha tizirombo tonse, ndipo ufa wotsalira m'madzi umasanduka chakudya cha mabakiteriya mukawasunga masiku. Madzi otere awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo.

Madzi akachoka m'thanki yodikhitsira amadutsa mumchenga. Masefa a mchenga alipo a mitundu iwiri. Ofulumira amadutsitsa madzi mamita angapo pa ola, amagwira timibulu totsalira, ndipo akatsekeka amatsukidwa pokankha madzi kuchokera pansi kupita m'mwamba. Ochedwa amadutsitsa masentimita 10 mpaka 30 okha pa ola. Pamwamba pa mchenga wawo pamamera kachikopa koterera ka ndere ndi tizamoyo tina, ndipo kachikopa kameneka ndi kamene kamadya tizirombo toyambitsa matenda. Munthu wosadziwa angakapale poganiza kuti ndi uve. Mphamvu ya sefa yotereyi inaoneka ku Germany mu 1892. Mizinda ya Hamburg ndi Altona inali yogundizana, ndipo yonse inkamwa mtsinje wa Elbe. Altona inkatunga kumunsi, kumene zonyansa za Hamburg zinali zitalowa kale, koma inkasefa madzi ake mumchenga. Hamburg sinkasefa. Kolera atabuka anapha anthu oposa 8,000 ku Hamburg, pamene ku Altona anakhudza ochepa kwambiri.

Ngakhale nsalu imathandiza. Ku Bangladesh, kafukufuku amene anatsogolera Rita Colwell ndipo anasindikizidwa mu 2003 anapeza kuti m'midzi imene amayi ankasefa madzi ndi nsalu yakale ya thonje yopinda kanayi kapena kuposa, kolera anachepa ndi pafupifupi theka. Tizirombo ta kolera tambiri timakhala titamamatira pa tizamoyo tina ta m'madzi tokulirapo, ndipo nsalu imagwira timeneto. Chitenje chochapa bwino chingachite chimodzimodzi. Koma theka ndi theka. Theka linalo ndi ntchito ya moto kapena klorini.

Ntchito ya klorini

Tsopano ndiyankhe mtsikana uja. Madzi a m'thanki anayera pa tsiku lachinayi chifukwa mvula inaleka kumtunda ndipo dothi lolemera linadikha. Koma kachirombo ka kolera ndi kotalika pafupifupi milimita 0.002, ndipo kali ndi kamchira kosambirira, sikadikira kuti kadikhe. Supuni imodzi ya madzi ingakhale ndi mabakiteriya masauzande ambirimbiri n'kumaonekabe yoyera mbee. Diso silingaweruze nkhani imeneyi. Tonse tikukumbuka mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse. Unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, waukulu kuposa wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino, moti mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa.

Wina anganene kuti madzi a pamzikiti si akumwa, ndi a wudhu. Koma pa wudhu timachukucha m'kamwa ndi kukokera madzi m'mphuno, kasanu patsiku, ndipo Lachisanu anthu mazana amagwira mipope yomweyo. Ana a madrasa akamva ludzu samapita kwina, amamwa pomwepo.

Klorini amene timamudziwa amabwera m'njira ziwiri: ufa kapena timibulu toyera ta HTH, timene mphamvu yake ndi magawo 65 mpaka 70 pa 100, ndi wamadzi monga WaterGuard kapena uja amagawa alangizi a zaumoyo. Onsewa akalowa m'madzi amapanga asidi wofooka wotchedwa hypochlorous acid. Asidi ameneyu alibe chaji, choncho amalowa mosavuta pakhungu la bakiteriya n'kuwononga za m'kati mwake. pH ikakwera, amasanduka hypochlorite wa chaji ya negetivi, amene khungu la bakiteriya limamukankha, ndipo mphamvu yake yopha imachepa kwambiri. Pa pH ya 7.5 amakhala theka uku theka uku. N'chifukwa chake amati klorini agwire ntchito pa pH yosafika 8. Apa madzi athu opepuka ali ndi mwayi.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti klorini sasankha. Amalimbana ndi chilichonse chimene wapeza, kaya ndi masamba owola, ndere, dzimbiri, matope kapena bakiteriya. Zonyansa zimayamba zadya gawo lawo, ndipo wotsalayo ndi amene amapha tizirombo ndi kulondera madzi mpaka afike m'kapu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti pakatha mphindi 30 atsale miligalamu 0.5 pa lita, ndipo pampope asachepere miligalamu 0.2. Mukathira klorini m'madzi ofiira ngati a masiku atatu aja, matope amamumaliza, komanso tizirombo timabisala m'kati mwa timibulu ta dothi pamene mankhwala safika. Kuvunduka kwa madzi kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa NTU, ndipo klorini amafuna madzi osapyola 5, makamaka osafika 1. Ichi ndicho chifukwa chake m'malo oyeretsera madzi klorini amakhala womaliza, pambuyo pa alum, thanki ndi mchenga. Mphindi 30 zija nazo si zokongoletsera. Wothira mankhwala n'kumwa nthawi yomweyo wamwa mankhwala pamodzi ndi tizirombo tamoyo.

Klorini ali ndi malire. Kolera ndi taifodi amazigonjetsa msanga, koma pali tizirombo tina ta m'mimba tokhala m'zikamba zolimba, monga Cryptosporidium, timene sitimva muyezo wa masiku onse. Timeneto timagwidwa ndi sefa kapena kuphedwa ndi kuwiritsa.

Akuluakulu a komiti, masamu ake ndi awa. Titenge thanki ya malita 5,000, ndipo tinene kuti madzi athu akufuna miligalamu 2 pa lita kuti patsale wokwanira. Kuchulukitsa 5,000 ndi 2 kukutipatsa miligalamu 10,000, amene ndi magalamu 10 a klorini. Popeza HTH si klorini yense, tifunika magalamu pafupifupi 15, ngati supuni yaikulu imodzi. Kilogalamu imodzi ingakonze thanki yotere maulendo oposa 60. Mukuona kuti mankhwalawo si amene angathe ndalama. Koma nambala ya 2 ija ndangoyerekeza, ndipo muyezo weniweni amanena ndi madziwo. Timadzaza ndowa zinayi kapena zisanu za malita 20, iliyonse n'kuthiramo muyezo wokulirapo kuposa inzake, n'kudikira mphindi 30, kenako n'kuyeza ndi kachipangizo kokhala ndi timapiritsi ta DPD timene timasandutsa madzi kukhala a pinki. Ndowa imene yaonetsa 0.5 ndiyo yatiuza muyezo wa thanki. Popanda kachipangizo kameneka tizingoponya mumdima. Palinso vuto lina: thanki yathu imalowa madzi usana ndi usiku, choncho klorini wa m'mawa amakhala atasukuluka pofika masana. Tiyenera kuika valavu polowera madzi, kuti tizidzaza, kutseka, kuthira mankhwala, kudikira, kenako n'kutsegula mipope.

HTH si ufa woseweretsa. Asungidwe pouma, pamthunzi, m'chigubu cha pulasitiki chotseka bwino, kutali ndi petulo, mafuta, feteleza ndi ana. Asasakanizidwe ndi mankhwala otsukira zimbudzi kapena asidi wina aliyense, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha. Posungunula, ufa ndiwo upite m'madzi, osati madzi kuthiridwa pa ufa, ndipo zoyera zotsalira pansi zisalowe m'thanki. Ntchito imeneyi tiyambe ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu ali pomwepo.

Funso la bambo aja

Chigamulo cha wudhu ndi cha masheikh athu, osati cha mphunzitsi wa Chemistry, ndipo ndapempha kuti adzalifotokoze pa darasa. Ine ndingopereka zimene ndikudziwa. M'mabuku a fiqh madzi amayang'anidwa pa zinthu zitatu: mtundu, kakomedwe ndi fungo. Mu madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, madzi osafika ma qullah awiri, amene ndi pafupifupi malita 200 kapena dramu imodzi, amawonongeka najisi ikangogweramo ngakhale asasinthe maonekedwe. Ndimachita chidwi kuti ma ulama akale, opanda maikulosikopu, anazindikira kuti madzi ochepa angaipe diso lisakuona. Koma malamulo amenewa akuyankha funso la twahara, loti kodi swala yanga ilandiridwa. Sanaikidwe kuti ayankhe ngati mwana wanga atsegule m'mimba. Madzi angakhale oyenera wudhu koma osayenera kumwa, ndipo apa m'pamene ambiri timasokonezeka.

Kunena za klorini, iye si najisi. Amapangidwa kuchokera ku mchere ndi laimu. Muyezo wa miligalamu 0.5 pa lita ndi theka la gawo limodzi pa magawo miliyoni. Madziwo sasintha mtundu ndipo palibe amene angawatchule dzina lina kusiya madzi. Asilamu a ku Cairo, ku Istanbul, ngakhale a m'mizikiti ya ku Limbe ndi Blantyre amapanga wudhu ndi madzi a m'mipope othiridwa klorini tsiku lililonse. Ndipo fungo lamphamvu lija, limene bambowa anadandaula nalo, nthawi zambiri limabwera pa zifukwa ziwiri. Mwina wothira anachulutsa chifukwa analibe choyezera, kapena klorini wakumana ndi zonyansa n'kupanga mankhwala ena otchedwa chloramine, amene amanunkha ndi kuyabwa m'maso kuposa klorini weniweni. Thanki yotsuka bwino yokhala ndi muyezo woyenera imangomveka kafungo kapatalipatali.

Kunyumba, pamene palibe thanki kapena choyezera, dongosolo ndi lomwelo laling'ono. Madzi ovunduka ayambe adikha, atsanulidwe mosamala kudzera pa chitenje, kenako athiridwe klorini motsatira malangizo a pabotolo kapena a mlangizi, n'kudikira theka la ola. Owiritsa awire mobwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu. Ena amaika madzi oyera m'mabotolo a pulasitiki oonekera n'kuwagoneka padenga la malata kwa maola 6, kuti kuwala kwa dzuwa kuphe tizirombo. Njirayi imagwira, koma kukachita mitambo pamafunika masiku awiri, ndipo kuno kwathu chiperoni chikakhazikika musaidalire. Amene mumatunga kumtsinje madzi osamba, mukawasunga masiku awiri athunthu tizirombo ta likodzo timafa tokha, chifukwa sitikhalitsa tikapanda kupeza munthu. Ndipo madzi ambiri amene amadwalitsa anthu amachoka pampope ali abwino, n'kuipira mumtsuko, chifukwa cha kapu imodzi imene aliyense amaviika pamodzi ndi zala zake. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena ndowa ya kampope imathetsa vuto limeneli.

Sabata yatha ndinakwera pa thanki ya pamzikiti ndi anyamata awiri a Fomu 3. Chivundikiro chake ndi chong'aluka mbali imodzi, moti masamba ndi zitosi za mbalame zimalowa. Pansi pali matope ofika m'chikhatho, ndipo paipi yotulutsira madzi ili m'matope momwemo. Tikathira klorini mmene zilili panopa, tingomudyetsa matopewo. Choncho pempho langa ku komiti lili motere: thanki iyambe yakhuthulidwa ndi kutsukidwa, chivundikiro chisinthidwe, paipi yotulutsira ikwezedwe pang'ono, valavu iikidwe, kenako tigule kachipangizo koyezera ndi timapiritsi take tisanagule HTH. Pa masiku a madzi ofiira, polowera patsekedwe mpaka mtsinje udekhe. Ophunzira a Fomu 3 avomera kuti temu yamawa, Insha Allah, aziyeza madzi a pampope Lolemba ndi Lachisanu lililonse swala ya Jumu'ah isanakwane, n'kumalemba zotsatira m'kope limene lizikhala mu ofesi ya mzikiti kuti kholo lililonse lofuna kuona lizitha kuona. Mtsikana wa Fomu 2 uja wapempha kuti akhale nawo m'gululo, ndipo ndamulola.